Dimba Losowa Dzuwa ku Mulanje ndi Thyolo: Mulimepo Chiyani?

Ku Mulanje ndi ku Thyolo malo ndi ochepa. Minda ya tiyi ndi makadamiya inatenga gawo lake, anthu ndi ochuluka, ndiye kadimba ka ndiwo kamagwera pamalo otsala: kuseri kwa nyumba, pakati pa khitchini ndi mpanda, kapena pansi pa mango ndi mapeyala omwe anabzala agogo. Pamalo otere dzuwa limangosuzumira. Ambiri amawokerapo tomato, n'kuthira feteleza, n'kuona mbewu zikungotalika ngati udzu, zopanda duwa ndi limodzi lomwe. Akatero amada dothi kapena wogulitsa mbewu, pomwe chasowa ndi kuwala, ndipo kuwala sikugulidwa m'thumba.

Tisanapite patali, tiwongole chinthu china chomwe chimasokoneza owerenga malangizo a pa intaneti. Olemba a ku Ulaya amati dimba loyang'ana kumpoto ndilo losowa dzuwa. Kwawo n'zoona. Kuno tili kummwera kwa dziko lapansi, pafupifupi madigiri 16 kuchokera pamzere wa pakati, choncho zinthu n'zotembenuka. Kuyambira mu Febuluwale mpaka kumayambiriro kwa Novembala dzuwa la masana limadzera chakumpoto, ndipo mbali yozizira, yandere pakhoma, ndi ya kummwera kwa nyumba. Mu Juni dzuwa limatsika kwambiri: khoma lotalika mamita 3 limaponya mthunzi wa mamita pafupifupi 2.5 masana enieni, ndipo m'mawa ndi madzulo umatalika kuposa apo. Mu Disembala khoma lomwelo mthunzi wake sufika theka la mita, ndiponso umagwera mbali ya kumpoto. Tsoka lake n'lakuti mthunzi umakula nthawi yomwe anthu amalima madimba, kuyambira Epulo mpaka Ogasiti. Onjezanipo chiperoni, chomwe chimaphimba kumwamba masiku angapo ndi nkhungu ndi mvula yowaza, komanso phiri lenilenilo, lomwe kwa okhala m'tsinde mwake cha ku Likhubula limachedwetsa dzuwa la m'mawa.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba ndi maola a dzuwa. Musangoyerekeza, yezani. Khomani zikhomo zinayi kapena zisanu pamalopo, ndipo tsiku lopanda mitambo muzibwera ola lililonse kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 5 koloko madzulo, n'kulemba chikhomo chomwe chili padzuwa. Muyeze mu Juni kapena Julaye, chifukwa muyeso wa mu Okutobala udzakunamizani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbewu zobereka zipatso monga tomato, tsabola, mabiringanya ndi therere zimafuna maola 6 kapena kuposerapo. Karoti, kabichi ndi anyezi woti aike mutu amafuna 5. Ndiwo zamasamba zimatha ndi 3 kapena 4. Pansi pa maola 2, iwalani za ndiwo za pabedi.

Chachiwiri ndi mtundu wa mthunziwo. Mthunzi wa khoma ndi wozizira, wachinyontho, koma dothi lake lilibe wolimbirana naye. Mthunzi wa mtengo umabwera ndi mizu, ndipo mizu imadya manyowa ndi kumwa madzi omwe mwathira. Bulugama ndiye woipitsitsa: pansi pake pamauma gwa ngakhale mutathirira dzulo. Mango amatseka kumwamba kotheratu. Peyala mizu yake imayenda pamwambamwamba, moti khasu likalowa kwambiri mwavulaza mtengo.

Chachitatu ndi madzi ndi dothi. Katondo wa kuno amakonda kukhala wa asidi wambiri. Tiyi amasangalala nazo, chifukwa amafuna pH (muyeso wa asidi m'dothi; nambala ikachepa, asidi wachuluka) ya pakati pa 4.5 ndi 5.5, koma ndiwo zambiri zimafuna 6 mpaka 6.5. Pamthunzi dothi limachedwanso kuuma. Kumbani dzenje lakuya masentimita 30, mudzazemo madzi. Ngati m'mawa wotsatira madzi akadalimo, malowo ndi odikha ndipo mufunika mabedi okwera kapena zotengera.

Chomaliza: malowo ndi anu kapena a lendi, mtengo wobweretsa mthunziwo ndi wa ndani, ndipo mukufuna ndiwo za pakhomo kapena za kumsika. Njira iliyonse m'munsimu taiona pa zinthu zinayi: ndalama, kupezeka kwa zofunika, kasamalidwe ndi zovuta zake.

Ndiwo zamasamba pa mabedi okwera

Iyi ndiyo njira yoyamba kuiganizira ngati malowo amapeza maola 3 mpaka 5. Zochita bwino ndi mpiru, kamuganje, repu, tchayinizi, letesi, sipinachi ndi anyezi wodyedwa masamba. Kholowa ndi nkhwani zimapereka masamba, koma musayembekezere mbatata kapena maungu. Chisoso chimadzimerera chokha, chisiyeni m'mphepete. Bonongwe ambiri amamuyesa wolimba paliponse, koma ndi wokonda dzuwa, pamthunzi amanyentchera.

Ndalama: zochepa. Mapaketi awiri kapena atatu a mbewu, keni yothirira, manyowa, ndi laimu wa ulimi ngati dothi lili la asidi. Chodula ndi mpanda wa nkhuku, ngati mulibe nsungwi kapena udzu wanu.

Kupezeka kwake: mbewu za repu, tchayinizi ndi letesi zili m'masitolo a zaulimi pa Chitakale, Limbuli, Luchenza, Bvumbwe ndi pa boma la Thyolo. Mpiru ndi kamuganje mungapemphe kwa anansi, ndipo mbewu yake mumasunga nokha. Laimu wa ulimi sapezeka paliponse. Musamusokoneze ndi laimu wopaka nyumba, yemwe ndi waukali ndipo amatentha mizu. Phulusa la nkhuni limathandizako: dzanja limodzi kapena awiri pa sikweya mita.

Kasamalidwe: bedi likhale mita imodzi m'lifupi, lokwera masentimita 20, ndipo lisayandikire khoma, siyani mpata wa mita, pomwe pamagwera madzi a padenga. Thirani ndowa imodzi ya malita 20 ya manyowa owola bwino pa sikweya mita iliyonse. Ngati mukuthira laimu, magalamu 200 mpaka 300 pa sikweya mita, milungu itatu kapena inayi musanawokere. Mlangizi wa zaulimi angakuthandizeni kutumiza dothi kukayezetsa kumalo a kafukufuku wa zaulimi ku Bvumbwe kuti mudziwe mlingo weniweni. Phulusa kapena laimu musazithire tsiku limodzi ndi manyowa kapena Urea, chifukwa chakudya cha mbewu chimathawa ngati mpweya.

Nazale musaiike pamthunzipo. Mbande zofesedwa posowa kuwala zimatalika tsinde, n'kugwa. Fesani m'beseni lakale loboola pansi, liikeni padzuwa, ndipo muwokere pakatha milungu itatu kapena inayi, mbande zikakhala ndi masamba anayi. Talikitsani mapando kuposa padimba la padzuwa: repu ndi mpiru masentimita 45 mbali zonse, letesi 30. Zothinana zimaphimbana ndipo mphepo sidutsa. Zazitali zikhale chakummwera kwa bedi, zazifupi chakumpoto. Thirirani m'mawa okha, pansi osati pamasamba, ndipo muyambe mwalowetsa chala m'dothi; ngati chatuluka chonyowa, keni ibwerere. Feteleza wobereketsa achepe, theka la mlingo wa padzuwa likukwana, chifukwa mbewu yosowa kuwala sitha kumugwiritsa ntchito yense, imangofewa masamba n'kuitana nsabwe.

Zovuta: zokolola zimachedwa ndi milungu iwiri kapena itatu, masamba ndi opyapyala ndipo amafota msanga akathyoledwa, choncho pamsika sangapikisane ndi ndiwo za m'madimba a ku Bvumbwe. M'masiku a chiperoni kumabwera chuku chotuwa kunsi kwa tsamba, pamwamba pali madontho achikasu. Thyolani masamba otere mukatayire kutali. Mukaona m'mphepete mwa tsamba mukusanduka chikasu molowera m'kati ngati mutu wa muvi, mitsempha ikuda, amenewo ndi matenda owoletsa a banja la kabichi, ndipo pabedi limenelo musabwerezepo repu, mpiru kapena tchayinizi kwa zaka ziwiri. Ndiye pali nkhono. Walira mvula walira matope: malo onyowa ndi kwawo. Yalani chiguduli chonyowa madzulo pakati pa mabedi, m'mawa muchitembenuze, mudzazipeza zitamatirira kunsi. Kachitini kokwiriridwa mpaka m'milomo, kothiramo masese pang'ono, kamagwiranso zambiri. Udzu wophimbira ukhale wochepa nyengo yozizira, chifukwa ndimo zimabisala.

Ubwino womwe ambiri sauona uli mu Sepitembala mpaka Novembala. Pamene letesi ndi mpiru za padzuwa zikuthamangira maluwa ndi kuwawa, za pamthunzi zimakhala zikadali zanthete, ndipo ndi nthawi yomwe ndiwo zimasowa.

Koko ndi jinja pansi pa mitengo

Izi ndi mbewu zozolowera kuwala kodontha m'masamba, ndipo mvula ya ku Mulanje ndi Thyolo imazikomera. Turmeric, chokometsera ndiwo chachikasu, amalimidwa chimodzimodzi ndi jinja.

Ndalama: koko ndi wotchipa, nthawi zambiri mbewu mumangopatsidwa. Jinja amadula poyamba, chifukwa mbewu yake ndi jinja yemweyo wogulidwa pa kilo, koma mukakolola kamodzi simudzagulanso.

Kupezeka kwake: ana a koko ali m'midzi yambiri ya m'mphepete mwa mitsinje. Jinja wa kumsika amamera, bola musankhe wolimba, wosakwinyika, wa maso otupa. Msungeni pamalo amdima, pachiguduli chonyowa pang'ono, mpaka maso atayamba kutuluka.

Kasamalidwe: bzalani ndi mvula yoyamba, Novembala kapena Disembala. Jinja mumdule zidutswa za masentimita 3 mpaka 5, chilichonse chikhale ndi diso limodzi kapena awiri, muzisiye tsiku limodzi kuti podulapo paume, kenako mukwirire masentimita 5, motalikirana masentimita 25 mpaka 30, pamzere wokwera. Phimbirani ndi masamba ouma ndipo muziundira dothi akamakula. Amakhwima pa miyezi 8 mpaka 10, masamba akayamba kuuma okha. Koko amafuna mpata wa masentimita 60 mpaka 90, phando lakuya lothiramo manyowa, ndipo amatenga miyezi 8 mpaka 12. Musabzale m'tsinde mwenimweni mwa mtengo; pabwino ndi m'mphepete mwa mthunzi, pomwe nthambi zathera. Ngati mtengowo ndi mango kapena bulugama, kumbani ngalande yakuya masentimita 50 mpaka 60 pakati pa mtengo ndi mbewu, muimikemo lata lakale, n'kukwirira. Mizu idzapezabe njira pakatha zaka ziwiri kapena zitatu, ndiye mudzabwerezanso. Pa peyala musachite zimenezi pafupi. M'malo mokumba, unjikani kompositi pamwamba ndi kubzala m'menemo.

Zovuta: malowo amagwidwa chaka chathunthu, ndipo mphika wa lero suona kanthu, kupatula masamba a koko. Jinja ndi koko amasiyana pa madzi. Koko amapirira lowe, jinja amawola madzi akadikha masiku ochepa chabe. Jinja amagwidwanso ndi matenda ofotetsa omwe amapha tomato ndi mbatatesi, choncho pomwe tomato anafota mwadzidzidzi musaikepo jinja. Kuthirira kwambiri m'tsinde mwa peyala kumawoletsa mizu yake, ndipo mtengo wobereka ndi wofunika kuposa bedi la koko. Koko yense, masamba ndi mizu yomwe, aphikidwe mpaka apse ndithu. Wosapsa amayabwa kukhosi.

Ena amaganiza zodzaza malo a mthunzi ndi nthochi. Nthochi imafuna dzuwa kuti ibereke mkoko wabwino, imawonjezera mthunzi, ndiponso aliyense wa ku Thyolo akudziwa zomwe matenda a nthochi a chisaka anachita. Mwana wa nthochi wosadziwika kochokera asalowe pakhomo.

M'matumba ndi m'ndowa

Malangizo ambiri amaziika pamodzi ziwirizi, koma n'zosiyana. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 likadzazidwa dothi lonyowa limapitirira makilogalamu 60, ndipo mukalinyamula limang'ambika. Ubwino wa thumba ndi kuthawa mizu ya mitengo ndi dothi lodikha madzi, komanso kukweza mbewu m'mwamba pamalo ochepa. Zosunthika zenizeni ndi ndowa ndi zigubu za malita 20 zodulidwa pamwamba.

Ndalama: zapakati. Matumba ndi otchipa, ndowa zobooka zimapezeka pakhomo, koma zikachuluka mumagula. Manyowa amafunika ambiri kuposa pabedi.

Kupezeka kwake: matumba ndi zigubu za mafuta ophikira zili pamsika uliwonse. Chigubu chomwe munali mankhwala a m'munda kapena oyilo musachigwiritse ntchito ngakhale chitatsukidwa.

Kasamalidwe: sakanizani magawo awiri a dothi la pamwamba, limodzi la manyowa owola, limodzi la mchenga wa kumtsinje. Katondo yekha m'ndowa amauma ngati njerwa. Pathumba, ikani pakati chitini chachikulu chodula pansi ndi pamwamba, mudzazemo timiyala, muthire dothi mozungulira, n'kukweza chitinicho pang'onopang'ono mpaka pamwamba. Msana wa miyalawo ndiwo umatsitsa madzi mpaka pansi. Boolani mabowo m'mbali motalikirana masentimita 15 mpaka 20, mopingasa osati pamzere umodzi. Mbande 20 mpaka 25 m'mbali ndi zisanu pamwamba zikukwana. Madzi malita 3 mpaka 5 patsiku, ocheperapo kukazizira. Ndowa iboolidwe pansi mabowo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi msomali wamoto, ikhazikidwe panjerwa. Imatenga repu muwiri, kapena tomato mmodzi, kapena tsabola mmodzi. Apa ndi pomwe wosowa dzuwa angadyeko tomato wake: m'mawa ndowa zili kum'mawa kwa nyumba, masana zapita kumadzulo.

Zovuta: ndowa yodzaza imalemera makilogalamu pafupifupi 25. Kunyamula khumi kawiri patsiku ndi ntchito yomwe ambiri amaisiya pakatha mlungu, ndiye musapitirire zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Pathumba, mbali yoyang'ana khoma imafa ndi mdima pokhapokha muzilipotoza pang'ono masiku atatu alionse, kapena musaboole mbali imeneyo n'komwe. Chakudya m'dothi lochepa chimatha msanga. Pakatha mwezi muyambe kuthira madzi a manyowa, oviikidwa mlungu umodzi n'kusungunula mpaka aoneke ngati tiyi wopanda mkaka. Thumba limafumbwa ndi dzuwa pakatha chaka kapena ziwiri. Ndipo chonyamulika kwa inu n'chonyamulikanso kwa wakuba.

Zoyanga: shushu ndi magalagadeya

Mizu pamthunzi, masamba kumwamba. Ngati pamwamba pa mpanda kapena pamtunda wa denga pamafika dzuwa, mbewu yoyanga imakalipeza yokha.

Ndalama: shushu ndi chipatso chimodzi chokha chomera, ndalama zimapita ku thandala, mphanda zolimba za mamita awiri ndi nsungwi kapena waya.

Kupezeka kwake: shushu ngwosasowa m'madera ozizira a kuno. Magalagadeya mungafese kuchokera ku chipatso chakupsa cha mtengo wathanzi.

Kasamalidwe: shushu amabzalidwa wathunthu, mopendekeka, mbali yomera ili pansi ndipo msana wake uli poonekera, mukamukwirira yense amawola. Dzenje la masentimita 50 mbali zonse, ndowa ziwiri za manyowa. Amayamba kubereka pa miyezi inayi kapena isanu, ndipo nsonga zake zanthete ndi ndiwo. Magalagadeya mumatsogolera tsinde limodzi mpaka pawaya, n'kuchotsa mphukira za m'munsi.

Zovuta: mbewu izi zimapanga mthunzi wina. Thandala likaikidwa kumpoto kwa bedi la ndiwo, mwapha bedilo. Shushu akakwera mango amawaphimba, akakwera denga amasunga zinyalala zonyowa ndipo malata amachita dzimbiri. Magalagadeya amakalamba pa zaka zitatu kapena zinayi, ndipo masamba akapiringizika, zipatso n'kulimba chikhungwa, ndi matenda opanda mankhwala, zulani.

Kudulira mitengo ndi kupaka laimu

Iyi si mbewu, koma nthawi zina ndi yomwe imasintha malo a maola awiri kukhala a maola anayi.

Ndalama: sowo, kapena aganyu odziwa kukwera, ndi thumba la laimu wopaka. Dipo lenileni ndi zipatso zomwe mutaye chaka chimenecho.

Kupezeka kwake: zipangizo zilipo, chosowa ndi chilolezo, ngati mtengo uli wa mnansi kapena wa eni nyumba. Kambiranani kaye, ndipo ukakhala wa m'malire, nyakwawa idziwe.

Kasamalidwe: chotsani nthambi za m'munsi ndi zopingasana m'kati, makamaka za mbali ya kumpoto ndi kum'mawa kwa dimba. Musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a masamba pachaka. Mango adulidwe mukangomaliza kuthyola, chifukwa nyengo yozizira amakhala akuchita maluwa. Peyala nayenso mukakolola. Nthambi yaikulu imadulidwa katatu: kunsi pang'ono, masentimita 30 kuchokera ku thunthu, kenako pamwamba chapatsogolo mpaka igwe, pomaliza chitsa chotsalacho. Mukaidula kamodzi imasenda khungwa mpaka pathunthu. Za laimu, dziwani khoma loyenera. Khoma la nyumba loyang'ana kummwera silipeza dzuwa mu Juni, ndiye kuliyeretsa kumangothandiza pang'ono. Lofunika kupaka ndi mpanda wa tsidya lina la dimba, woyang'ana kumpoto, chifukwa ndiwo umalandira dzuwa n'kulibwezera pabedi.

Zovuta: mango odulidwa kwambiri amaphukira mothinana kuposa kale. Pafupi ndi mawaya a magetsi musakwere. Ntchito imeneyo ndi ya a ESCOM. Pamalo otsetsereka mtengo ukugwira dothi, ndipo amene anaona namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa kawiri. Dulirani, musagwetse.

Bowa wolima

Pomwe dzuwa silifika n'komwe, mbewu yokhayo yosangalala ndi bowa wa oyster. Amakonda kutentha kwa madigiri 20 mpaka 28 ndi mpweya wachinyontho, zomwe kuno zilipo miyezi yambiri.

Ndalama: zambiri kuposa njira zonse. Kanyumba ka udzu, mgolo wa malita 200, mapulasitiki oonekera m'kati, nkhuni zambiri, ndi mbewu ya bowa yogula ulendo uliwonse. Mapulasitiki akhale ochindikala. Opyapyala osafika ma micron 60 ndi oletsedwa m'dziko muno, ndiponso amabooka.

Kupezeka kwake: apa ndi pothina. Mbewu ya bowa sigulitsidwa pamsika, imapangidwa m'malo a kafukufuku. Ku Bvumbwe ndi ku Bunda akhala akugwira ntchito ya bowa, ndipo mlangizi ndiye angakulondolereni komwe ikupezeka panopa. Musamange kanyumba musanatsimikize za mbewu. Siisungikanso nthawi yaitali kunja kwa firiji. Mapesi a chimanga, masamba ouma a nthochi ndi makoko a nyemba ndiye sasowa.

Kasamalidwe: dulani mapesi tizidutswa ta masentimita 3 mpaka 5, muviike usiku wonse, mukhetse. Mumgolo thirani madzi pang'ono, ikani kathandala pamwamba pa madziwo, longezani mapesi, vundikirani, ndipo nthunzi iwaphike maola awiri kuchokera pomwe yayamba kutuluka. Akazizira, finyani dzanja limodzi: padonthe dontho limodzi kapena awiri basi. Sambani m'manja ndi sopo, sakanizani mbewu magalamu 30 mpaka 50 pa kilogalamu ya mapesi onyowa, longezani m'mapulasitiki, mangani, boolani timabowo topumira. Mumdima, pakatha milungu itatu kapena inayi, thumba lonse limayera mbee. Pamenepo ng'ambani mabowo okulirapo, lolani kuwala pang'ono ndi mphepo, ndipo muziwaza madzi pansi ndi m'makoma kawiri kapena katatu patsiku. Bowa amatuluka pasanathe milungu iwiri, ndipo thumba limodzi mumathyola katatu kapena kanayi.

Zovuta: chuku chobiriwira chikaoneka m'thumba, ndiye kuti mapesi sanapse bwino, ananyowa kwambiri, kapena manja anali akuda, thumbalo lituluke msanga lisanapatsire ena. Bowa wa miyendo yaitali ndi timitu tating'ono akusowa mpweya. Makoswe, nkhono ndi tintchentche zimamukonda. Akathyoledwa amawonongeka pa masiku awiri kapena atatu, choncho wogula apezeke bowa asanatuluke, apo ayi muyanike.

Ndiye yanu ndi iti?

Ngati kadimba kali kummwera kwa nyumba, kopanda mitengo, ndipo zikhomo zaonetsa maola 3 mpaka 5, limani masamba pa mabedi okwera, pakani laimu mpanda woyang'ana kumpoto, ndipo mphamvu zanu zambiri muziike pa mbewu za Ogasiti mpaka Novembala. Tomato ndi tsabola aikidwe m'ndowa zitatu kapena zinayi kutsogolo kwa nyumba.

Ngati mthunzi ndi wa mango anu, yambani ndi sowo mukamaliza kuthyola, muyezenso maola, kenako koko ndi jinja m'mphepete mwa mthunzi. Pansi pa peyala, kompositi pamwamba ndi jinja, popanda khasu lakuya. Pafupi ndi bulugama musalimbane ndi dothi n'komwe: matumba okhazika panjerwa kapena palata, kuti mizu isalowere pansi.

Wokhala nyumba ya lendi pa boma kapena m'nyumba za pa esiteti asankhe ndowa ndi thumba limodzi kapena awiri. Tsiku losamuka ndowa zimakwera nawo. Pamalo odikha madzi m'dzinja, koko m'munsi, matumba kumtunda, jinja ayi. Kampata kopapatiza pakati pa nyumba ndi mpanda, kamdima pansi koma kowala pamwamba, n'ka shushu mmodzi. Okalamba ndi onse osatha kunyamula zolemera apewe ndowa. Koko ndi shushu zimafuna manja ochepa.

Wofuna ndalama, osati ndiwo za pakhomo zokha, ayang'ane jinja ngati angadikire miyezi khumi, kapena bowa ngati wapeza kale mbewu, nkhuni ndi wogula. Ndipo pomwe zikhomo zonse zaonetsa ola limodzi, mbewu ya bowa n'kusowanso, malowo akhale a dzenje la kompositi ndi mgolo wokololera madzi a padenga, zodyetsa ndowa zomwe zili padzuwa.